Ndani Anakonza Mpope wa Aphunzitsi?

"Madinari makumi awiri ndi asanu! Pa kachinthu kosadzaza ndi chikhatho chomwe!"

Zuhdi anamenyetsa kapu pathireyi, tiyi n'kudumphira pamkeka. Galimoto ya Fawaz, pulambala wa m'mudzimo, inali isanakhote n'komwe pamzikiti.

"Tsitsani mawu, bambo a Yazan, mawindo ali pululu," anatero mkazi wake Sawsan, akutuluka m'chipinda cham'kati momwe anadzitsekera nthawi yonse imene mwamuna wachilendo anali pakhomopo.

"Amve! Mudzi wonse umve! Ine ndimaima pamaso pa ana kuyambira m'mawa, kukhosi kuchita kuuma, choko mpaka m'mphuno. Ndigwire masiku awiri kuti ndipeze ndalama imene iye watola tiyi asanazizire? Ndinapita ku yunivesite ine. Iyeyo sukulu anaithawira pawindo, ndikumudziwa bwino, tinali kalasi imodzi."

A Nofa, mayi ake a Zuhdi, anali pakona akusankha mphodza m'mbale. Sanadzutse mutu.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwanawe. Mawa ndi Lachitatu, tsiku la madzi. Ukanasiya thanki ili choncho, madzi onse akanatsikira kukhoma, ife n'kukhala sabata yathunthu tikuyang'ana mipope youma."

"Nanga tsiku lomwe ndajomba kusukulu kuti ndimudikire, alipira ndani? Ndikukuuzani amayi, anthu amenewa amakonza mwadala moti chiwonongekenso. Akuti wasintha kampira koyandama ka m'thanki konse. Ndani waona?"

"Kampirako sanakakhudze," anatero Sawsan akupukuta mkeka. "Wangosintha kalabala ka pakamwa pake."

Mphodza zinasiya kulira m'mbale.

"Wadziwa bwanji?" anafunsa Zuhdi pang'onopang'ono. "Iwe unali m'chipinda."

"Ndinamva mukukambirana."

"Za labala sitinakambe."

Sawsan ananyamula thireyi n'kulowa kukhitchini. Ali komweko anaponya mawu ngati nthabwala: "Mwina ndikaphunzire ineyo ntchitoyi, ndalamazo zizitsala pakhomo."

"Mkazi wa mphunzitsi, manja m'zimbudzi za eni? Ndiyambe ndafa!" anatero Zuhdi. Anaseka, koma maso ake sanachoke pachitseko cha khitchini.

Sabata yotsatira, Zuhdi akuchokera kusukulu, anaima pakati pa khitchini n'kumamvetsera. Panali china chake chosowa. Anatenga nthawi kuti achizindikire: kunali kudontha kwa mpope wa pasinki. Mpope umenewo unayamba kulira nthawi yokolola azitona, tho, tho, tho, mpaka banja lonse linauzolowera ngati wotchi. Lero unali duu. Atawerama anaona katepi koyera, katsopano, katakulungidwa bwinobwino pakhosi pa paipi.

"Amayi, kunabwera munthu kuno?"

"Ine ndinali ku chipatala kukayezetsa shuga," anayankha a Nofa. "Za pakhomo funsa wotsala pakhomo."

"Mayi a Yazan akuti mpope wangosiya wokha."

"Eya, Mulungu ndi wamkulu. Masiku ano ndiye akumanga ndi tepi yomwe." A Nofa anamukodola mwana wawo kuti asendere. "Ine sindinena kanthu, ndine nkhalamba. Koma utsi sufuka popanda moto. Kodi azakhali a mkazi wako a kutauni ya Irbid aja, amene akuwazonda kawiri pa sabata chiyambire dzinja, sakuchira, sakumwalira, akudwala chiyani? Nanga chibangili chagolide chimene unamuveka tsiku la ukwati unachiona liti pamkono pake?"

Chibangili chimenecho Zuhdi anachigula atavutika zaka ziwiri, masana kuphunzitsa, madzulo kuyendetsa takisi ya eni, imene mpaka lero amaiyendetsabe masiku ena. Madzulo amenewo akudya, Zuhdi ankangoyang'ana mkono uja. Unali wopanda kanthu. Pachala chachikulu panali kachilonda katsopano, ndipo Sawsan atamudutsa ndi buledi, Zuhdi anamva kafungo kamene sikanali ka sopo kapena ka khofi. Kanali kafungo ka guluu wa mapaipi, komwe kamatsala m'nyumba Fawaz akachoka.

Lachisanu, anthu akutuluka ku swala, Zuhdi anapeza Fawaz akuvala nsapato pakhomo la mzikiti.

"Bwana wa madinari," anatero Zuhdi mokweza. "Mwapempherera ndani lero, ife amene mumatisenda?"

Amuna anaseka n'kuyamba kusendera. Fawaz anamaliza kumanga chingwe cha nsapato, kenaka anaimirira.

"Aphunzitsi, inu malipiro amabwera mwezi ukatha, kugwe matalala kaya kuwale dzuwa. Mukakalamba boma lizidzakupatsani penshoni. Ine msana ukadzathyoka ndidzadya sipanala? Dzanja langali limalowa malo amene inu simungaloze n'chala chomwe."

"Ndiye dotolo azilipiritsa zingati? Nanga amene anakuphunzitsa kuwerenga ndalamazo?"

"Kuti boma limakupatsani zochepa, n'zoona, ndipo n'zamanyazi. Koma amakulemberani malipiro ndine? Tamverani. M'mawa wonse ine ndimakhala m'galimoto kuingitsa ntchentche, mipope ikudontha mudzi wonse, chifukwa m'nyumba mulibe mwamuna. Ndidikire mwini nyumba aweruke, adye, agoneko, ndiye ndilowe. Ntchito ya tsiku lonse ndimaipanikiza m'kamphindi ka madzulo. Mumalipira kudikirako, aphunzitsi. Khomo mumatseka ndinu, ndiye mukudabwa kuti kiyi wadula?"

Ena anagwedeza mitu. Zuhdi anasendera pafupi ndi Fawaz.

"Ndiye unatopa nako kudikira, eti? Unaona kuti kwa mphunzitsi ungolowa mwini wake ali m'kalasi?"

Kuseka konse kunazima. Mawu otere sanenedwa pakhomo la mzikiti, ndipo akanenedwa sabwerera m'kamwa. Fawaz anamuyang'ana, nkhope itada.

"Kwanu sindinapondeko inu kulibe, Mulungu ndi mboni. Koma poti mwaiyamba nokha, ine ndi akazi anu nkhani tili nayo ndithu. Si ine woti ndiinene. Kawafunseni zimene akundichita."

Dzuwa lisanapendeke, nkhaniyo inali itafika kale pa uvuni wa buledi, pagolosale ndi m'makhitchini onse. Inafikanso kwa Sawsan mwamuna wake asanafike.

"Chibangili chili kuti?" anafunsa Zuhdi atangotseka chitseko.

"Ndinagulitsa."

"Ndalama zake unapatsa ndani?"

"Sindinapatse munthu."

"Mpope uja anakonza ndani? Ku Irbid umakaonana ndi ndani? Yankha, iwe!"

Sawsan anali akupinda zovala za mwana wawo Yazan. Anapinda kamalaya kamodzi, n'kukasalaza ndi chikhatho, n'kukaika pamwamba pa tinzake.

"Mukanandifunsa dzulo, bambo a Yazan, m'chipinda muno, tili awiri, ndikanakuuzani zonse ngakhale mukanakalipa. Koma mwakandifunsira kumzikiti, pamaso pa amuna onse a m'mudzi. Yankho mukalitenge komwe mwasiya funso."

"Mukumumva, amayi? Mukumumva?"

"Chikomekome cha mkuyu," anang'ung'udza a Nofa kuseri kwa katani, "m'kati muli nyerere."

Tsiku lomwelo Zuhdi anatumiza mawu kwa mlamu wake Mishal, mchimwene wa Sawsan, kuti Lachitatu masana abwere adzatenge mlongo wake.

Masiku otsalawo anadutsa ngati maliro opanda mtembo. Sawsan ankaphika, kuchapa, kusita malaya a mwamuna wake monga mwa nthawi zonse. Zuhdi ankadya osamva kukoma. Nthawi zina ankamuba ndi diso akupesa tsitsi pawindo, mtima n'kumuuza kuti mkazi ameneyu sangatero. Kenaka ankakumbukira katepi koyera kaja, mtima uja n'kutembenuka.

Lachitatu m'mawa mipope inayamba kutsokomola, chizindikiro chakuti madzi afika. Zuhdi ananyamula chikwama cha makope, n'kutsanzika ngati akupita kusukulu. Sanapite. Anakabisala m'munda wa azitona kuseri kwa nyumba, pomwe msewu wonse umaonekera.

Sanadikire nthawi yaitali. Sawsan anatuluka atafunda mpango wake wobiriwira, atanyamula dengu lovundikira ndi nsalu ngati akupita kukaphikitsa buledi. Koma dengu la ufa wokanda silipendeketsa munthu phewa chotero. Anatsika ndi msewu, anacheuka kamodzi, n'kulowa pageti ya Khawla, mayi amene mwamuna wake ndi msilikali wa kumalire ndipo amabwera mwezi ukatha. Chapafupi pomwepo, pansi pa mtengo wa mkuyu, panaima galimoto ya Fawaz. M'kati munalibe munthu.

Zuhdi sanadziwe kuti watsika bwanji msewuwo. Anangozindikira akumenya geti ndi zibakera.

"Ndani?" anafunsa mawu a Khawla m'kati.

"Tsegulani! Mkazi wanga ali momwemo!"

"Alimo, inde. Koma simungalowe, aphunzitsi. Muno mulibe mwamuna."

"Bodza! Alimo! Galimoto yake ndi iyi!"

"Galimoto ili pamsewu wa boma. Inu ndinu ophunzira, mwambo mukuudziwa. Mukufuna mwamuna wanga akamve kumalire kuti mphunzitsi anathyola geti yake iye kulibe? Bwererani, mudzabwere mwezi ukatha."

Zuhdi anagwira chitsulo cha geti. Chinali chosakhoma, akanangokankha. Koma dzanja linakana. Lamulo lomwe ankaliteteza ndi mkwiyo wonsewo ndi lomwe linamuimika panja ngati wopemphetsa. Pamwamba pa nyumbayo panamveka chitsulo chikugunda chinzake: ngwe, ngwe, ngwe.

Anathamanga kubwerera kwake. Nyumba yake ili kumtunda, ndipo ukaima padenga pake umaona madenga onse mpaka kuchigwa. Anakwera masitepe awiriawiri, n'kukaima pafupi ndi thanki yake, akupuma ngati wothamangitsidwa.

Tsiku la madzi madenga ndi a akazi. Paliponse panali zochapa zikuuluka pazingwe, mabulangete, makatani, timalaya ta ana. Ndipo padenga la Khawla, madzi ankathovoka m'paipi yothyoka n'kumwazika m'mwamba, dzuwa likuwasandutsa siliva. Pakati pa mvula imeneyo panagwada munthu mmodzi yekha. Anali atapinda manja a diresi mpaka m'zigongono, mpango wobiriwira utanyowa n'kumatirira kumasaya, sipanala yaikulu ili m'manja. Anakoka kamodzi, anakoka kawiri, atalumira mlomo monga amachitira akamatunga ulusi pasingano. Madzi aja anafupika, anagwada, n'kuzima.

Sawsan anapukuta nkhope ndi mkono, n'kudzutsa mutu. Maso awo anakumana pamwamba pa madenga onsewo. Zuhdi anali asanamuonepo atakongola chotero, ndipo anali asanakhalepo naye kutali chotero.

Apo m'pamene anazindikira kuti akazi onse a m'madenga asiya kuyanika ndipo akuyang'ana iye. Panalibe amene ankadabwa ndi Sawsan. Onse ankadziwa. Kumunsi, Fawaz anatuluka m'golosale ali ndi kakapu ka khofi, anayang'ana padenga la Khawla, n'kupukusa mutu ngati munthu amene waberedwanso nkhuku ina.

Mishal anafika masana monga anauzidwira. Anapeza mlongo wake atamanga kale katundu.

"Mlamu, pepani, ulendo uja wafa," anatero Zuhdi mwachibwibwi. "Panali kusamvana chabe."

"Ulendo ulipo," anatero Sawsan. "Achimwene, nyamulani dengulo, samalani ndi lolemera. Zitsulo zimenezo ndiye chibangili changa. Azakhali ali bwinobwino, sanadwalepo. Ku Irbid ndimapita ku bungwe la amayi komwe amatiphunzitsa ntchitoyi, kuti nyumba zopanda amuna masana zisamagone ndi ludzu. Ndimati ndikasonkhanitsa kokwanira ndidzakuuzeni kuti takisi ya eni ija muisiye, muzidya nafe chakudya chamadzulo masiku onse ngati bambo wapakhomo."

"Bwanji sunandiuze?"

"Munati muyambe mwafa. Ndimakufunani wamoyo."

"Mayi a Yazan, khululuka. Ndi chikondi chomwe chinandipusitsa."

"Mumadandaula kuti Fawaz wakudyerani madinari makumi awiri ndi asanu. Inu dzina langa munaligulitsa zingati pakhomo la mzikiti? Madzi akatayika saoleka, aphunzitsi. Zimenezo ndiye ndazidziwa bwino pantchitoyi."

Anagwira Yazan padzanja n'kutuluka. A Nofa anatsegula pakamwa, koma mwambi woyenera sanaupeze.

Nyumba yopanda Sawsan inayamba kudwala. Lolemba paipi yotsika kuthanki inang'aluka pomwe inadyeka ndi dzimbiri, madzi otsala onse n'kutsikira kukhoma, kusiya mzere wakuda ngati msozi. Lachitatu madzi anabwera, anadutsa, anapita. A Nofa ankatawaza pokonzekera swala ndi madzi a m'botolo, akudandaula mawondo.

"Itana Fawaz, mwanawe."

"Ndimuyang'ana ndi nkhope iti?"

"Ndiye pita ukatenge mwini nyumba. Ine ndinangonena zomwe ndinaona, nkhalamba sizengedwa mlandu. Koma buledi wa pagolosale wanditopetsa."

Lachinayi madzulo Zuhdi anavala malaya amene anasita yekha, okhala ndi mizere iwiri pamkono umodzi, n'kupita kwa Mishal. Mishal anamuthirira khofi wowawa. Zuhdi anaika kakapuko pansi osamwa, monga amachitira munthu wobwera ndi pempho, amene salawa kanthu mpaka atayankhidwa.

"Pempho lanu si la kwa ine," anatero Mishal, n'kuitana mlongo wake.

Sawsan anaima pakhomo la chipinda, manja atapinda pachifuwa.

"Paipi ya kuthanki yang'aluka," anatero Zuhdi akuyang'ana pansi. "Ndabwera kudzafuna pulambala."

"Alipo wina amakhala pansi pa mkuyu."

"Ndikufuna uyu."

"Uyu ndi wodula, aphunzitsi. Simungamukwanitse."

"Nena mtengo."

"Mawa ndi Lachisanu. Anthu akamatuluka ku swala, mukaime pomwe munaima paja. Mukanene mokweza ngati tsiku lija kuti munanamizira mkazi wanu ndiponso munanamizira Fawaz. Mukanene ntchito imene ndimagwira, ndi pakamwa panu, osatsitsa mutu. Mukatha, mubwere mudzanyamule dengu langa, opanda nsalu pamwamba, tidutse msewu waukulu mpaka kunyumba."

Zuhdi anaona m'maganizo nkhope za makolo a ana ake a sukulu, aphunzitsi anzake, anyamata a pagolosale amene sadzaiwala mpaka imvi.

"Fawaz ndiye wotchipa," ananong'ona.

"Ndinakuuzani."

Khofi anali atasiya kufuka. Zuhdi anatambasula dzanja, ananyamula kakapu kaja, n'kumwa wonse.

Mawa lake ananena. Mawu anayamba motsika, koma anthu akumbuyo atakuwa kuti sakumva, anawakweza ngati ali m'kalasi. Ena anaseka. Ena anayang'ana pansi, pokumbukira mipope ya kwawo imene inasiya yokha kudontha masabata apitawo, akazi awo n'kumati ndi chifundo cha Mulungu. Mkulu wina analavula n'kunena kuti dziko latha. Zuhdi sanatsitse mutu.

Kenaka mudzi unaona zimene sunaonepo. Mphunzitsi ankakwera msewu waukulu atasenza dengu paphewa, masipanala akulira ngwe, ngwe pa sitepe iliyonse, mkazi wake akuyenda pambali pake, osati kumbuyo. M'mawindo makatani ankagwedezeka popanda mphepo.

Pansi pa mkuyu, Fawaz anatulutsa mutu pawindo la galimoto.

"Aphunzitsi! Ine ndinakhala chete dala, ndimati ndikanena ndimulengezera malonda. Ndiye mwamulengezera ndinu, pamzikiti penipeni! Mwandipha!"

"Nyumba za amuna ndi zanu, a Fawaz," anayankha Sawsan osaima. "Ine ndikutola zomwe mumazisiya zikudontha m'mawa."

"Chabwino, chabwino. Koma tandiuzani aphunzitsi, inu katswiri wa mitengo, pulambala wanuyu wakutchajani zingati?"

Zuhdi anasintha dengu kuliika paphewa lina. Linali litamusupula kale khungu.

"Zonse zomwe ndinali nazo."

"Ndiye munanenerera?"

Zuhdi anayang'ana mkono wopanda chibangili umene unkagunda wake poyenda.

"Ayi," anatero. "Ntchito yake ndinaiona ndi maso."